Ku Monavale ndapitako ndi ana, ndangoona tchire lopsa. Ndinasokera kapena ndi momwemo?

Mlamu_Kuwadzana
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi dandaulo koma chonde musandiseke. Mwana wanga wamkulu ali giredi 6 nde aphunzitsi ake anawauza kuti konkuno ku Harare kuli dambo lodziwika dziko lonse lapansi, Monavale Vlei, ati azungu amachita kukwera ndege kudzaona mbalame zosowa. Mwana wakhala akundiumiriza mwezi wathunthu mpaka Loweruka lapitali ndinati chabwino tiyeni. Takwera kombi mpaka mtauni, takwera ina, tatsika, tayamba wapansi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ana atatu, mayi awo atasenza mpunga ndi nkhuku mu kontena. Kufika pamalopo abale anga, tchire. Udzu wopsa wakuda bii, timitengo apo ndi apo, kangalande ka madzi, mapepala a chipisi. Geti palibe, benchi palibe, ogulitsa zoziziritsa kukhosi olo mmodzi. Mbalame zomwe taona ndi akhwangwala awiri ndi njiwa. Nkhuku tinadyera chiimire. Mayi akunyumba mpaka lero akundiyankha ndi mphuno. Nde ndifunse, ndinasokera malo kapena zotchukazo ndi zomwezi?

Chimwemwe_cha_Mbare
Kkkkkk achimwene mwati tisaseke koma mwayamba ndinu kutiseketsa. Kuchoka ku Kuwadzana ulendo wonsewo kukaona khwangwala?

NaPhiri_Mufakose
Mayi akunyumbawo ali ndi chifukwa chokwiyira. Ine ndikanakusiyani pompo ndi kontena yanuyo.

Mlonda_wa_Dambo
Amwene simunasokere, malo ndi omwewo, mwangolakwitsa nyengo. Zili ngati munthu wapita kumunda mwezi wa Okutobala nkumadandaula kuti sanapeze mondokwa. Ine ndagwira ntchito ya m'gadeni mbali ya ku Milton Park zaka zambiri ndipo abwana anga akale anali munthu wa mbalame zedi, Lamlungu m'mawa amanditenga kuti ndiziwanyamulira thumba, nde ndi momwe ndinalidziwira dambo limenelo. Monavale si zoo, palibe chinthu chili mu khola chodikira inu. Dambolo limadzuka mvula ikagwa yokwanira, kuyambira chakumapeto kwa Disembala mpaka Malichi, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Nthawi imeneyo udzu umafika m'chiuno, pansi ponse nyekethe madzi, maluwa amitundumitundu, timbalame tofiira ngati makala a moto titakhala pamwamba pa bango, tina takuda ta mchira wautali tikuuluka movutikira ngati tanyamula katundu. Zomwe azungu amabwerera ndi ziwiri makamaka, ina amati Striped Crake ina Streaky-breasted Flufftail. Zimabwera ndi mvula kudzaswa m'madzi osaya a mu udzu, mvula ikatha zimachoka. Flufftail yo ndi kakang'ono ngati kamwanapiye, kamayenda pansi pa udzu ngati mbewa, nthawi zambiri umangomva kulira kwake, kukaona ndi mwayi. Ine zaka zonsezo ndinakaona kawiri basi, ndipo kachiwiriko kanangoti pyuu kudutsa pa kanjira, abwana anga anakhala pansi m'matope chifukwa cha chisangalalo, munthu wamkulu wa imvi.

Mlamu_Kuwadzana
Nde mukutanthauza kuti olo ndipite Januwale mwina sindikaona kanthu?

Mlonda_wa_Dambo
Ziwirizo mwina ayi. Koma zina mukaona zambiri mpaka khosi kuwawa. Mufike isanakwane 6 koloko m'mawa, osati masana ngati mukupita ku ukwati. Majombo muvale, ana muwauze pakamwa atseke. Anthu a BirdLife Zimbabwe amakhala ndi maulendo oyenda m'dambomo ndipo pali bungwe la anthu okhala komweko, COSMO, lomwe limayang'anira malowo, mukayenda ndi iwowo amakulozerani ndi kukubwerekani zoonera patali. Nokha mudzangodutsa zinthu osaziona.

Chimwemwe_cha_Mbare
Kudzuka 4 koloko chifukwa cha kambalame kosadyedwa nkomwe. Azungu ali ndi nthawi.

WakuKachulu
Ndani wati nkosadyedwa? Kwathu ku Chilwa chilichonse cha mapiko chimalowa mu chiwaya kkkk. Koma kunena zoona a Mlamu, inu mukufuna dambo lenileni dikirani tchuthi mupite ndi ana kumudzi, mukatsike ku Zomba mulowere ku Kachulu. Kumeneko nde mukadziwa kuti dambo ndi chiyani. Bwato likudutsa mu njedza ngati mu msewu, asodzi akukhala pa zimbowera miyezi osaponda mtunda, kuphika pomwepo kugona pomwepo pamwamba pa madzi, uku chilumba cha Chisi chili poteropo, kumbuyo phiri la Zomba. Akakowa oyera mbee ngati wina wayanika zovala, atsekwe, abakha am'madzi, nkhwazi ikulira. Matemba, makumba, milamba. Izi za ku Monavale ndi kadimba chabe poyerekeza.

Mlonda_wa_Dambo
Kukula sindikukana achimwene, Chilwa ndi nyanja. Koma chodabwitsa cha Monavale ndi choti chili pakati pa tauni, uku nyumba uku msewu wa magalimoto, koma mbalame zomwe anthu amazisowa m'maiko ambiri zikuswera pompo. Ndipo zonse ziwiri zili pa mndandanda umodzi wa Ramsar. Chilwa ndi malo oyamba a Malawi kulowa pamenepo, Monavale inalowa 2013 limodzi ndi malo ena asanu ndi limodzi a muno mu Zimbabwe.

NaPhiri_Mufakose
Ramsar nde ndani? Ndi mzungu wake wa dambolo?

Ticha_Highfield
Ayi achemwali, Ramsar ndi tauni ya ku Iran komwe maiko anasainirana pangano losamalira madambo pa 2 Febuluwale 1971. Ndi chifukwa chake tsiku la madambo limakumbukiridwa pa 2 Febuluwale chaka chilichonse. Malo asanu ndi awiri a kuno ndi Victoria Falls, Mana Pools, Lake Chivero, Chinhoyi Caves, Driefontein Grasslands, Cleveland Dam ndi Monavale yo. Msonkhano waukulu wa pangano limeneli unachitikira ku Victoria Falls mu Julaye 2025. Kwathu kuli Chilwa ndi Elephant Marsh yomwe inalowa 2017.

NaPhiri_Mufakose
Zikomo aphunzitsi, ine ndimayesa dzina la munthu.

Sena_Boy
Elephant Marsh mwaitchula bwino. Kwathu kumeneko, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje pomwe Shire amamwazika. Dzinalo anapereka ndi Livingstone atapeza njovu zankhaninkhani mu 1859, koma lero mukapita njovu olo imodzi simuiona, zatsala ndi ng'ona ndi mvuu ndi dzina. Ife tinakula tikudziwa kuti chaka cha njala anthu amalowa m'madzi momwemo kukazula nyika, nkumaphika kudya, ena ng'ona kuwagwira ali pa ntchito yomweyo. Nde mukamati dambo ndi malo okaona zokongola ine ndimaseka pang'ono, kwa ife dambo ndi nkhokwe yomaliza.

Gogo_Dzivarasekwa
Mwana wanga Sena_Boy wanena mawu. Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu ndi amene akundilembera. Ndinabwera kuno ndili mtsikana, amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale, anamwalira kalekale, penshoni inathera mu ndalama zija zinasanduka mapepala 2008. Ana asanu ndawalera ndi chimanga cholima m'dambo la kuseri kwa nyumba zathu kuno, ndi mbatata ndi maungu. Ife obwera tilibe kumudzi kuno koti tikalime, anzathu achishona Disembala akakwana amapita kumusha kukadzala, ife tipite kuti? Chaka china anabwera anthu kudzatchetcha chimanga chathu chili ndi ngaiyaye kale, ati tikuononga dambo, ndinalira ngati pamaliro. Koma chaka chomwecho pafupi pomwepo munthu wa ndalama anathira dothi ndi miyala mathiraki ambirimbiri nkumanga, palibe anamutchetcha. Nde ana anga mukamakamba za timbalame muzikumbukanso kuti khasu la nkhalamba ndi limene limaoneka msanga.

Mlonda_wa_Dambo
Agogo ndakumvani ndipo sindingakutsutseni pa za tsankholo, ndi zoona, wa khasu amathamangitsidwa wa buludoza amapatsidwa pepala. Amayi anga omwe ankalima m'dambo ku Tafara. Koma ndinene chilungamo ngakhale chikuwawa, kulima nako kumapha dambo, kungoti pang'onopang'ono. Udzu wa m'dambo uli ndi mizu yolukana yomwe imagwira madzi ngati siponji. Mukautipula nkukumba mizere ndi ngalande kuti chimanga chisamire, madzi amvula amathamanga kupita kumtsinje tsiku lomwelo atanyamula dothi ndi feteleza, mmalo molowa pansi. Ndipo udzu umenewo ukachoka subwerera msanga, pamamera chisoso ndi zitsamba zina. Ku Monavale mbali ina inali minda kale, anthu atasiya kulima zinatenga zaka kuti udzu weniweni ubwerere.

Gogo_Dzivarasekwa
Nanga tidye siponjiyo?

Chimwemwe_cha_Mbare
Agogo awina kkkkk. Mlonda khalani pansi.

Mlonda_wa_Dambo
Ndakhala pansi agogo, yankho la mimba ndilibe. Koma funso lomwelo litembenuzeni, nanga timwe chiyani? Kwanu ku Dzivarasekwa pampopi madzi anatuluka liti komaliza?

Plumber_Chirwa_Jr
Apa nde mwafika pa ntchito yanga, ndiloleni ndilowepo. Anthu ambiri sadziwa kuti Harare inamangidwa kumtunda kwa madzi ake omwe. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imayambira mtauni momwemuno, Mukuvisi ku Cleveland Dam uko, Marimba nde imadutsa ku Monavale komwe a Mlamu anakadyera nkhuku chiimire. Yonse imakathira ku Lake Chivero, damu lomwe anamanga 1952 pa mtsinje wa Manyame, kale ankati McIlwaine. Kuchoka apo madzi amakatsukidwa ku Morton Jaffray nkuwapopa kubwerera kumtunda kuno. Tanthauzo lake chilichonse tataya mu ngalande, suweji yophulika, mafuta a galimoto, matewera, chimatsetsereka kupita mu mtsuko womwe timamwera. Kale madambo ndi amene ankasefa zimenezi ulele madzi asanafike ku damu, komanso kusunga madzi amvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Pano madambo ambiri ndi nyumba, matchalitchi, mashopu, malo othirira petulo. Ine ndimaitanidwa kukakonza mapampu a zitsime, zitsime zomwe kale zinkatunga chaka chonse pano Seputembala akamafika zikukoka mpweya, eni ake kumaganiza kuti pampu yafa pomwe ndi madzi athawira pansi. Ndipo omanga m'dambo nawo akulira, dothi lakuda lija mvula ikagwa limafufuma, chilimwe limang'ambika, nyumba yokongola ya matailosi zaka zitatu khoma lang'aluka mpaka dzanja kulowa, Januwale madzi akutumphuka pansi pa bedi. Ndinakagwirako ntchito nyumba ina yotero, septic tank yake inali yodzadza ndi madzi apansi mwini wake asanalowe nkomwe mnyumbamo.

Ticha_Highfield
Ndipo tisaiwale kolera ya 2008 mpaka 2009 yomwe inapha anthu opitirira 4000 m'dziko muno, Budiriro ndi Glen View tinaika anthu ambiri, ena a pagulu lathu la maliro lomweli. Nkhani ya madzi si yamasewera.

Mlamu_Kuwadzana
Eee abale ine ndinangofunsa za kokayenda ndi ana, pano tafika pa kolera.

Dalaivala_wa_Tete
Kkkk ndi mmene zimakhalira pagulu pano. A Mlamu mverani ine, ana safuna flufftail, ana amafuna chinyama chachikulu choti akakambe kusukulu. Atengeni ku Chivero, msewu wa ku Bulawayo makilomita ngati 30 basi, mbali ya game park kuli zipembere zoyera, mbidzi, nyumbu, nyamalikiti, nthiwatiwa. Kungoti pamafunika galimoto, wapansi salola. Kapena pafupi pompa Mukuvisi Woodlands, pali pokwera poonera nyama, pali pokhala nkudya nkhuku yanuyo mutakhala pansi ngati anthu.

NaPhiri_Mufakose
Ku Chivero komwe kunafa zipembere kuja?

Dalaivala_wa_Tete
Komweko, Disembala 2024, zinafa zinayi ndi mbidzi ndi nyumbu ndi nkhwazi, nsomba nde zosawerengeka, atamwa madzi obiriwira aja. A ZimParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungira nyama, ananena okha kuti ndi ndere za poizoni zomwe zimachuluka chifukwa cha suweji yolowa m'damu. Koma pakiyo ilipo, mungofunsa kaye musananyamuke kuti zinthu zili bwanji pano.

Plumber_Chirwa_Jr
Mwaona nde zomwe ndimanena zija. Chipembere chilombo chonse chija kugwa ndi madzi omwe ife timapangira tiyi.

Sena_Boy
Nde nsomba za pa msewu wa Bulawayo zija ine ndinasiya kugula. Bola kapenta wa ku Kariba.

WakuKachulu
Kapenta nayenso ndi nsomba? Munthu wodziwa matemba a ku Chilwa ootcha pa makala ndi nsima ya mgaiwa sangayamikire kapenta. A Dalaivala ulendo uno mukamabwera munditengereko ndowa imodzi, ndalama ndikupatsani pa Mbare.

Dalaivala_wa_Tete
Matemba anu aja anandinunkhitsa kabini kuchoka pa Mwanza mpaka pa Nyamapanda, apolisi aku Mozambique kumangofunsa kuti mwanyamula chiyani. Ulendo uno ayi.

WakuKachulu
Ndipo asowa matembawo masiku ano. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu imaphwa. Inaphwa 1968, agogo anga ankakamba, inaphwanso 1995 ine ndikuona ndi maso anga anthu akuyenda wapansi kupita ku Chisi, mabwato atagona pa dothi long'ambika ngati ng'ombe zakufa, 2018 inatsalanso pang'ono. Nsomba zikasowa anthu onse amatembenukira ku mbalame, misampha ndi ulimbo, nde mbalame nazo zimachepa. Koma chodabwitsa madzi akabwerera nsomba zimabwereranso, zimakhala zitabisala m'mitsinje ndi m'maiwe a m'mbali. Chomwe sichibwerera ndi pomwe pathiridwa simenti.

Admin_Achewa_Harare
Abale nkhani ya matemba ndi katundu wa ku Malawi ili ndi malo ake, tiyeni tibwerere kwa a Mlamu. Komanso amene simunapereke ya maliro a mwezi uno mundipeze ku inbox.

MwanaWaNkhanga
Ine ndikufuna nditsutse pang'ono a Dalaivala pa zoti ana amafuna zinyama zazikulu zokha. Wanga wa zaka 9 ndinapita naye ku Monavale Febuluwale wapitayu ndi gulu la kusukulu kwawo, ndinapita monyinyirika ngati kholo loperekeza. Usiku wake kunagwa mvula yamphamvu. Titalowa pang'ono mwana wina anakuwa, kuyang'ana pa chithaphwi pali chichule chachikulu ngati mbale ya ndiwo, chobiriwira, kukhosi kwachikasu, chitangoti ndwii kutiyang'ana osathawa, kuzungulira icho mbululu zakuda bii madzi osaoneka. Amene amatitsogolera anati ameneyo ndi bambo, amalondera ana ake, ndipo chithaphwi chikayamba kuphwa amakumba kangalande ndi miyendo yakumbuyo kuti ana adutse kupita pa madzi ambiri, ukamuyandikira amaluma. Anatinso miyezi yonse yachilimwe amakhala atadzikwirira pansi pa dothi kudikira mvula. Nde a Mlamu pomwe munaima mukudya nkhuku paja mwina munaponda pamutu pake. Mwana wanga mbidzi anaziona kangapo ku Mukuvisi koma sazikamba, chule ameneyu mpaka lero akumujambula m'makope onse. Tinabwera matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsala komweko.

NaPhiri_Mufakose
Chule wamwamuna kulera ana? Azibambo a pagulu pano mwamva?

Mlonda_wa_Dambo
Achemwali nde simunamve zonse. M'dambo momwemo muli mbalame ina yakuda ya mapiko ofiirira, Black Coucal, imabweranso nthawi ya mvula. Yaikazi imakhala ndi amuna angapo, ikaikira mazira imasiyira mwamuna kuti afungatire ndi kudyetsa ana, iyo nkupita kwa wina.

NaPhiri_Mufakose
Basi ndasamuka, mundipeze ku Monavale.

Chimwemwe_cha_Mbare
Imeneyo nde ndiyofunika legeni kkkk ingatiphunzitsire azimayi zoipa.

Gogo_Dzivarasekwa
Achule amenewo ndikuwadziwa, kale kuno analipo ambiri mvula yoyamba ikagwa usiku osagona ndi phokoso, ndi nguluwe zinkatidyera chimanga, katumbu ndinamuonapo kumtsinje. Zaka zambiri tsopano sindinawamve. Mdzukulu wanga amene akulembayu akuti sanaonepo. Mlonda mwana wanga, ngati mukupitadi Januwale mudzamutenge uyu akaone, ine miyendo siilola. Koma munda wanga sindisiya.

Mlonda_wa_Dambo
Ndidzamutenga agogo, majombo ndili nawo awiri. Ndipo tikakhalitsa mpaka madzulo tsiku lina adzaonanso kadzidzi wa m'dambo, amagona pansi mu udzu osati mu mtengo, dzuwa likapendeka amauluka chapansipansi kusaka mbewa.

Gogo_Dzivarasekwa
Za kadzidzi ayi. Achule okhawo.

Dalaivala_wa_Tete
Amene muli ndi ndalama zanu pitani ku Mana Pools mukaone zenizeni, msewu wa ku Chirundu mukhotere kupitirira Makuti. Ndinaperekezako alendo kamodzi, njovu kuima ndi miyendo iwiri yakumbuyo kuthyola nthambi za msangu, Zambezi ali apo mapiri a ku Zambia kutsidya, mimbulu ikudutsa pafupi ndi tenti. Koma kumeneko nde mosemphana ndi Monavale, mupite chilimwe, nthawi ya mvula misewu yake siyendeka. Ndipo kombi kulibe.

Mlamu_Kuwadzana
Za Mana Pools mukambirane ndi mabwana anzanu a Dalaivala, ine ya kombi yomwe ndinachita kukongola. Chabwino ndamva, ndinapita nthawi yolakwika, ola lolakwika, nsapato zolakwika. A Mlonda ndilembeni pa ulendo wa Januwale, ine ndi ana awiri akuluakulu, wamng'onoyo angamire. Vuto latsala ndi la kunyumba, ndikatchulanso mawu oti dambo ndigona pa sofa.

Ticha_Highfield
Inenso ndilembeni, ndibwera ndi ana anayi a m'kalasi mwanga ngati makolo awo alola. Titengeretu matumba titoleko mapepala a chipisi a Mlamu anaona aja.

MayiWaAnaAtatu
Bambo a kunyumba mwaiwala kuti inenso ndili pagulu pano, ndawerenga zonse kuyambira pa mphuno paja. Januwale ndipita nawo ndikamuone chule wolera anayo ndi maso anga. Majombo mugule anayi, anga saizi 6, ndipo kontena ulendo uno musenza ndinu.